Mmene mungakonzere chikwama chobereka cha gulugufe, njuchi kapena chikumbu ngati mphatso

Chaka chatha mwana wa achimwene anga, kamtsikana ka sitandade 6 kamene kamatha masana onse kali chogwada kuseri kwa khitchini kuonerera nyerere zikukoka chiwala chakufa, kanali ndi bethide nde ine ndinati aaa ameneyu ndimupangira chikwama cha njuchi basi. Ndinagula bagi pakaunjika, ndinajambula njuchi yanga papepala, kukasiyira telala wina wake wapakhonde kumsika, lachisanu kukatenga osayang'anitsitsa n'komwe, kukulunga bwinobwino. Mwana atatsegula anangoti duu, kenako chala pachikwama kuyamba kuwerenga, akuti "azakhali njuchi yanuyi ili ndi miyendo 8, ndiye kuti ndi kangaude, komanso mapiko ndi awiri okha ngati ntchentche." Anthu onse pakhonde phwete. Miyendoyo telala uja anachita kuonjezera iwiri kuti akuti izioneka yodzadza, koma mapikowo ndinalakwitsa ndine ndemwe.

Nde dziwiranitu, munthu wokonda zachilengedwe amawerenga miyendo. Mwana kaya wamkulu, amawerenga ndithu. Zikwama za tizilombo zosokedwa kale zimapezeka m'mashopu ndi pa intaneti koma zambiri ndi zakatuni, njuchi yoseka yamano, gulugufe wansidze, zomwe mwana wa ku nazale angasangalale nazo koma munthu amene amadziwa tombolombo weniweni angokuthokozani mwaulemu n'kukachiponya pansi pa bedi. Kuyambira tsiku limene lija ndapanga zikwama zingapo ndipo njira yake ndi iyi.

Sitepe 1: sankhani kachilombo poganizira munthuyo osati inuyo

Apa mpomwe pagona nkhani yonse ndipo musathamange. Mvetserani zimene munthuyo amakonda kukamba, kapena pitani pa status yake ya WhatsApp muone zimene amajambula.

Ngati ndi wadimba, mpatseni kachikumbu kofiira kamadontho akuda kaja, kozungulira ngati theka la nandolo, chifukwa kameneko ndi bwenzi lake, kamadya nsabwe za m'masamba zimene zimaononga mpiru ndi repu. Kamadontho 7 kamene mumakaona pazithunzi kamapezeka kwambiri ku Ulaya, m'madimba mwathu muno mumapezekanso tina takuda tamawanga achikasu ndi ofiirira, nde mukamusokera kakunoko wadimba weniweni adzakazindikira pompo. Ngati ndi mlimi wa njuchi palibe zofunsa, ndipo tsiku labwino lomupatsira ndi 20 May lomwe ndi tsiku la njuchi padziko lonse. Wokwera mapiri, amene loweruka lililonse ali ku Zomba kapena ku Mulanje, gulugufe kapena tombolombo amamukhala. Woyenda panjinga usiku musokereni chiphaniphani, ndifotokoza kutsogoloku chifukwa chake. Munthu wa kunyanja amene ali kutali ndi kwawo mutha kumupangira nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja tija, timadontho takuda tambirimbiri tikukwera m'mwamba ngati utsi pamwamba pa madzi, wa ku Nkhata Bay akangoona adziwa yekha osachita kumuuza.

Nunkhadala naye ndi wokongola zedi pansalu, yelo, girini, zofiira, zakuda, zonse pathupi limodzi, ndipo mitundu imeneyo amachenjezera mbalame kuti musandidye ndine woipa. Koma dzina lakelo, kupatsa apongozi chikwama cha nunkhadala mudzalongosola mpaka liti. Ngumbi ndi bwannoni ine ndimazisiya, munthu akaziona amangoganiza za ndiwo. Mphemvu, nsikidzi, nankafumbwe ndi ntchemberezandonda olo munthuyo akhale wokonda chilengedwe bwanji ayi, imeneyo ndi ndewu.

Kwa amene akuyamba kumene ndinganene kuti chikumbu nchosavuta kuposa zonse, gulugufe akubwera pachiwiri, njuchi imaoneka yophweka koma imapusitsa, tombolombo ndi wa anthu oleza mtima.

Sitepe 2: kagule chikwama chopanda zolemba

Kusoka chikwama kuyambira pachiyambi nkotheka koma ndi ntchito ina yapayokha, bola kugula cholimba kale n'kuchiveka kachilomboko. Kaunjika amaposa zatsopano zotchipa zija zong'ambika temu isanathe, pa Tsoka ku Lilongwe, ku Limbe, kumsika wa Mzuzu, kulikonse kumene amatsegula mabelo a zikwama, pitani m'mawa belo litangotsegulidwa.

Poyamba zipi, itsegulenitu ndi kutseka kasanu konse wogulitsa akuonerera, ikamagwiragwira chifukwa chouma chabe imeneyo ndi nkhani yaing'ono mudzaipaka kandulo, koma ikamatseguka yokha kumbuyo mukatseka chisiyeni. Kenako malamba, kokani mwamphamvu pamene alumikizana ndi chikwama kumtundaku chifukwa zikwama zambiri zimafera pamenepo. Chitembenuzeni muone mkati, zina zimakhala ndi kapulasitiki kopyapyala kamene kamasupuka n'kumanyenyeka ngati mfundu za njoka, chimenecho chatha ntchito olo kunja chikuwala. Yang'anani pansi pake kudzuwa ngati palibe timabowo. Ndipo nyamulani pepala la A4 popita, ndi masentimita 21 m'lifupi ndi pafupifupi 30 m'litali, likakana kulowa choimirira ndiye kuti makope aakulu sadzalowanso.

Kutsogolo kwa chikwama kukhale malo osalala okwana chikhatho chanu chotambasula kawiri, opanda timatumba tambirimbiri ndi zingwezingwe. Nsalu yabwino ndi jini kapena kanivasi wa thonje, singano imalowa bwino ndipo penti amagwira. Nayiloni ndi poliyesitala zimasokeka ndithu koma penti amakana komanso zimasungunuka ndi ayironi. Mukafika kunyumba n'kumakayika, sololani kaulusi kamodzi m'mphepete mwa msoko wamkati mukayatse ndi machesi panja, thonje limayaka n'kusiya phulusa ndipo limanunkha ngati pepala, poliyesitala amakhwinyata n'kusanduka kambulu kolimba.

Za mtundu wa chikwama pali chinthu chimene ambiri sachiganizira. Kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera ija, amakopeka ndi buluu ndi zakuda, nchifukwa chake misampha yake imakhala ya nsalu za buluu ndi zakuda. Nde ngati mnzanuyo amayendayenda m'nkhalango ngati ya Nkhotakota kapena ku Vwaza, kumuberekesa chikwama cha buluu woderako ndi kumuitanira alendo pamsana. Mugulireni khaki, girini wozimirira kapena bulawuni wowala. Mlimi wa njuchinso chimodzimodzi, njuchi zimalusira zinthu zakuda ndi zaubweyaubweya, simuona zovala zawo zokololera uchi zimakhala zoyera, nde chake chikhale chowala, zakudazo zikhale mizere ya pamimba pa njuchiyo basi.

Sitepe 3: sonkhanitsani zipangizo ndipo chapani chilichonse

Mufunika zidutswa za nsalu, ndipo musagule mita yonse ayi, matelala amakhala ndi thumba la tizidutswa pansi pa makina, mukapempha bwino kapena kusiya kangachepe mupeza mitundu yonse. Jini yakale yakuda ndi yabwino pa thupi ndi miyendo. Chitenje chimakongola pamapiko a gulugufe koma sankhani chamaluwa ang'onoang'ono, chamaluwa akuluakulu mukachidula sichidziwikanso kuti nchiyani. Kuonjezera apo pepala, katoni ya sopo kapena ya tiyi, pensulo, choko, sizasi yakuthwa, mapini, singano yaikulu, ulusi wolimba wakuda ndi wina wofanana ndi nsalu zanuzo, mabatani awiri ofanana, ndi chingwe cha nsapato chakuda.

Chapani chikwama, chapaninso zidutswazo, chilichonse pachokha. Osanyozera sitepe imeneyi chonde. Chitenje chatsopano chimafupika chikalowa m'madzi koyamba ndipo chofiira chimakonda kuchucha utoto, mukasoka musanachape mvula yoyamba gulugufe wanu adzakhwinyata ndipo khaki yense adzasanduka pinki. Zikauma sitani zidutswazo zikhale thyathyathya.

Sitepe 4: jambulani patani, apa mpamene ndinagwera ine

Musajambule za m'mutu. Pezani chithunzi chenicheni cha kachilomboko, chojambulidwa kuchokera kumsana, osati katuni, kapena ngati kalipo pabwalopo kayang'anitsitseni. Ndipo malamulo ake ndi ochepa chabe. Thupi lili ndi zigawo 3, mutu, chifuwa ndi mimba. Miyendo ndi 6, itatu uku itatu uku, ndipo yonse imachokera pachifuwa, chigawo chapakati chija, osati kuimwaza mpaka kumchira ngati bongololo. Mapiko nawonso amachokera pachifuwa pomwepo. Tinyanga ndi tiwiri pamutu. Kangaude ali ndi miyendo 8 ndi zigawo ziwiri, iye sali m'gulu limeneli.

Mapiko a njuchi ndi 4, awiri akutsogolo aakulu, awiri akumbuyo ang'onoang'ono, kungoti ikamauluka amakolana nde amaoneka ngati awiri. Mukaika awiri okha mwasoka ntchentche yovala juzi ya njuchi, ndipo zoterozo zilipodi m'maluwa, ntchentche zamizere yachikasu zonamizira njuchi, nchifukwa chake kamwana kaja kanandigwira msanga. Gulugufe mapiko 4, tinyanga take towonda tokhala ndi kamutu kumapeto ngati machesi, mukatipanga ngati nthenga mwasoka gulugufe wa usiku wozungulira nyali uja. Tombolombo mapiko 4 ataliatali otambasukira m'mbali, mimba yowonda yaitali, maso aakulu odzadza mutu wonse, tinyanga take ntating'ono kwambiri moti mutha kungodutsa ulusi kamodzi. Chikumbu mapiko ake akunja ndi olimba ngati chigoba, amakumana pamzere woongoka pakati pamsana, mapiko oulukira amabisala pansi pake.

Njira yoti mbali ziwiri zifanane ndi yomwe tinkachita kupulayimale, pindani pepala pakati, jambulani theka lokha la kachilomboko kuyambira popindapo, dulani pepala likadali chopinda, tambasulani. Liikeni pachikwama muone kukula kwake, pasale malo okwana zala ziwiri kuzungulira konse ndipo lisakwere pa zipi. Pa chikwama cha mwana, gulugufe wa masentimita 18 mpaka 20 m'lifupi amakwana. Cha munthu wamkulu amene azipita nacho kuntchito chepetsani, kachilombo kamodzi kokwana chikhatho pakona yam'munsi kamaoneka mwaulemu kuposa chinjuchi chodzadza msana wonse, bambo wazaka 45 sangakwere nacho minibasi chimenecho.

Mukakhutira, dulani patani ija m'zigawo, phiko lililonse palokha, mutu, chifuwa, mimba, n'kuzikopera pakatoni kuti zilimbe. Lembani pachigawo chilichonse, lamanja lam'mwamba, lamanzere lam'munsi, chifukwa zikasakanikirana patebulo mudzadula mapiko awiri a mbali imodzi, ine zinandichitikira ndipo nsalu ya olenji inali yomweyo yokha.

Ngati mwasankha gulugufe ndipo mukufuna weniweni wakuno, pali awiri osavuta. Wina ndi wakuda wamawanga achikasu amene amazungulira mitengo ya mandimu ndi malalanje, mphutsi zake zimadya masamba a mitengo imeneyi ndipo zikakhala zazing'ono zimaoneka ngati zitosi za mbalame, kumapiko akumbuyo ali ndi timadontho tofiira ndi tabuluu tonga maso. Winayo ndi wa olenji wansonga zakuda zokhala ndi mawanga oyera, amene amauluka mwaulesi osaopa mbalame chifukwa ndi wowawa. Wachiwiriyu amangofuna nsalu zitatu basi.

Sitepe 5: dulani nsalu ndi kuziyala pachikwama

Ikani katoni kuseri kwa nsalu, zungulizani choko, dulani mosiya sentimita imodzi kunja kwa mzere. Sentimita imeneyo ndi yopindira mkati kuti nsalu isamasosoke. M'malo okhota cheka-chekani timipata ting'onoting'ono m'mphepetemo osafika pamzere, kenako pindani ndi kusita, muona kuti ikukhota bwino osapanga makwinya. Jini yokhuthala ndi nsalu zosasosoka mutha kudula pamzere penipeni.

Poyala yambani ndi zapansi, miyendo kaye, kenako mapiko akumbuyo, mapiko akutsogolo pamwamba pake, thupi pomaliza kuti libise nsonga zonse. Miyendo yabwino ndi chingwe cha nsapato chodula zidutswa 6, chilichonse chopinda pabondo, nsonga zake muziwambe pang'ono pamoto wa kandulo ngati ndi cha nayiloni kuti zisamasuke. Lowetsani buku lalikulu kapena katoni mkati mwa chikwama musanabaye mapini, apo ayi mulumikiza kutsogolo ndi kumbuyo ndipo chikwama sichidzatsegukanso. Mukamaliza chiimikeni pampando, bwererani m'mbuyo mapazi asanu, yang'anani. Chopendekeka chimaoneka patali, pafupi sichioneka. Jambulani ndi foni, werengani miyendo.

Sitepe 6: kusoka

Ngati mukusoka nokha pamanja, pindani ulusi pawiri, muupake kandulo kuti usamapotane, ndipo sokani timisoko ting'onoting'ono toyandikana kuzungulira chigawo chilichonse, mfundo zonse zikhale mkati. M'makona ndi nsonga za mapiko bwerezani katatu chifukwa mpamene pamayambira kusomphoka. Kanivasi ndi wolimba, chala chimapweteka, kankhirani singano ndi kandalama kachitsulo kapena chitsekero cha botolo. Gulugufe mmodzi amanditengera madzulo awiri kapena atatu ndikumvera wailesi.

Ngati mukupita kwa telala, ndipo palibe chamanyazi apa, pitani ndi chikwama mutabaya kale mapini, chithunzi cha kachilomboko chili mufoni, ndipo ngati nkotheka khalani pompo mpaka amalize. Auzeni momveka, "bambo miyendo ndi 6 ndipo musaonjezere kalikonse," chifukwa matelala athu ndi aluso ndipo luso lawolo limawatuma kukongoletsa zomwe simunawatume. Afunseni ngati ali ndi singano ya jini, nambala 16 kapena 18, yaing'ono imathyoka pakanivasi. Ngati makina awo ali ndi zigizagi ndi bwino kwambiri, amazungulira m'mphepete monse ndipo simufunikanso kupinda nsalu. Vuto la makina ndi loti thumba lakutsogolo likakhala lopanikiza phazi la makina silifika, nde telala wabwino amamasula msoko umodzi wam'mbali, kusoka kachilomboko, n'kubwezeretsa, ndipo zimenezo mugwirizane mtengo musanayambe. Pamene makina akanika, wosoka nsapato amatha ndi singano yake ija ndi ulusi wa nayiloni, kungoti misoko yake imakhala ikuluikulu, imakhala bwino pa chikumbu osati pa tombolombo.

Guluu yekha ayi. Amagwira sabata ziwiri, dzuwa la October likangomuomba mapiko ayamba kuyoyoka pamsewu. Mutha kupaka pang'ono pongogwiriziza musanasoke basi.

Dziwaninso kuti bowo lililonse la singano ndi khomo la madzi, nde ngati munthuyo azinyamula laputopu kapena kamera, pakani kandulo m'misoko yonse chamkati kapena musokere kachilomboko pathumba lakunja lokha.

Kamatsenga ka chikumbu

Aka ndimakakonda kwambiri ndipo ana amapenga nako. Dulani chozungulira chofiira cha masentimita pafupifupi 16, chigaweni pakati chikhale mapiko awiri, phiko lililonse likhale la nsalu ziwiri zosokedwa pamodzi kuti lilimbe, ikani madontho akuda ofanana mbali zonse. Pachikwamapo sokani kaye thupi lakuda lozungulira, ngati mukufuna lisiyeni lotseguka kumtunda likhale kathumba kobisika. Pamwamba pake ikani mapiko opyapyala a lesi ya katani yakale, kenako mapiko ofiira aja muwasoke kumtunda kokha pafupi ndi mutu, kumunsi muike ka Velcro, komatira konga ka pansapato za ana kaja, kapena batani lodina. Munthu akatsegula mapiko ofiira akupeza mapiko oulukira pansi, ndendende mmene kachikumbu kenikeni kamachitira kakafuna kunyamuka. Ndipo chonde musadule neti ya udzudzu kuti mupange mapiko, ndikudziwa imaoneka ngati yoyenera, koma ili ndi mankhwala ndipo ntchito yake ndi kugonamo.

Chiphaniphani chija, nachonso ndi mtundu wa chikumbu, thupi lalitali labulawuni, nde kumapeto kwa mimba sokanipo kachidutswa ka nsalu yonyezimira imene imakhala pamajekete a akabaza ndi a pamsewu. Masana sichioneka zachilendo, usiku galimoto ikangowalitsa kumchira kuja kumayaka ngwee, wokwera njinga akuoneka patali.

Sitepe 7: ngati simukufuna singano, pentani

Iyi ndi njira yachidule koma imafuna chikwama cha thonje. Gulani penti wa nsalu m'mashopu ogulitsa zolembera ndi zojambulira, penti wa nyumba amauma gwa n'kumasweka. Gwiritsani patani yomwe ija koma nthawi ino boolani katoni kuti pakhale chibowo chooneka ngati kachilomboko, imateni pachikwama ndi selotepi, katoni ina mkati. Musapake ngati mukupenta khoma, tengani kasiponji, kaviikeni pang'ono, kapukuteni papepala kaye, kenako muzidinda-dinda, penti wambiri amalowa pansi pa katoni n'kuononga m'mphepete. Pa chikwama chakuda yambani ndi woyera, aume, kenako mtundu weniweniwo pamwamba, apo ayi yelo wanu adzaoneka ngati matope. Mizere yopyapyala ya m'mapiko ndi miyendo jambulani ndi kabulashi kakang'ono kapena kamtengo ka machesi.

Siyani tsiku lathunthu pamthunzi, kenako yalani nsalu yoyera pamwamba n'kusita mphindi 3 mpaka 5 kuti penti akhazikike, ndipo pasapite madzi kwa masiku atatu. Werengani pabotolo popeza penti amasiyana. Ogwiritsa simbi yamakala samalani, kakhala kamodzi kakagwera palamba wa nayiloni ndi bowo lomwelo, ndipo simbiyo isakhudze zipi yapulasitiki.

Sitepe 8: maso, tinyanga ndi tina tomalizira

Maso ndi mabatani, asokeni ngati mukusokera batani la thalauza la yunifolomu, mokhwimitsa. Koma ngati chikwamacho ndi cha mwana wosakwana zaka 3 musaikepo batani kapena mkanda uliwonse, amazula n'kuponya m'kamwa, masowo angosokedwa ndi ulusi kapena kupentedwa. Tinyanga tisokeni togona pachikwama. Ndikudziwa kuti toimirira tawaya timaoneka bwino pachithunzi koma ganizirani minibasi ya 4 koloko anthu anayi pampando, waya ameneyo abaya munthu m'diso. Mapiko otuluka kunja kwa chikwama chimodzimodzi, amakodwa pachitseko, pakabaza amakwapulidwa ndi mphepo, kuthengo amakoka minga ndi chisoso. Chilichonse chikhale mkati mwa malire a chikwama.

Ngati muli ndi mphamvu yotsala, njuchi muiike timibulu tachikasu pamiyendo iwiri yakumbuyo, umo ndi mmene imanyamulira mungu kuchokera kumaluwa, mlimi wa njuchi akadzaona timeneto adzadziwa kuti simunangokopera katuni. Ndipo mkati mwa chikwama chakumtunda sokanimo kansalu koyera mutalembapo dzina la kachilomboko m'Chichewa, dzina la mwini wake likhalenso mkati momwemo, la mwana makamaka musalilembe kunja poti aliyense wapamsewu azimuitana nalo.

Sitepe 9: yesani musanakulunge

Ikanimo mabuku anayi ndi botolo lamadzi, berekani, yendani kuzungulira nyumba, dumphani pang'ono olo aneba akuoneni. Chikwama chikadzadza nsalu yakutsogolo imakokeka, nde ngati pali msoko wofooka uonekera pano. Kandani nsonga za mapiko ndi chikhadabo, pamene padzuka bwerezani. Dulani timaulusi tolendewera, pukutani choko ndi kansalu konyowa.

Chikwama musachipereke chopanda kanthu, sichikoma. Ine ndimaikamo kope laling'ono lachikuto cholimba ndi pensulo, bolopeni imakana kulemba pepala likanyowa, kagalasi kokuzira zinthu ngati mwakapeza m'shopu ya zolembera, ndi botolo lapulasitiki la chiponde lochapa bwino lobooledwa pachitsekero, loti munthu agwiremo kachilombo, akaonerere, n'kukamasula. Mwana amene ali mu kalabu ya zachilengedwe kusukulu, ngati zija za bungwe loteteza zachilengedwe la WESM, zimenezi azigwiritsa ntchito sabata yomweyo. Wamkulu mutha kumuikiramo kabotolo ka uchi kotseka bwino, mukakulunge m'pulasitiki kawiri chifukwa uchi ukatayikira m'chikwama nyerere zidzabwera zokha kudzamaliza dizaini.

Muuzeninso kachapidwe, pamanja, madzi ozizira, osapikicha ndi bulashi pamene pali kachilomboko, kuyanika pamthunzi chotembenuza.

Chikwama cha njuchi ya miyendo 8 chija sitinachitaye, ndinakhala pansi ndi lezala kumasula miyendo iwiri ya telala uja, n'kuonjezera timapiko tiwiri takumbuyo ta lesi, ndipo mpaka lero mwana akupita nacho kusukulu ngakhale tizipsera ta singano tikuonekabe pamene panali miyendo. Pa Khirisimasi ndinamupangira china cha tombolombo pa khaki, ndinawerenga chilichonse katatu ndisanakulunge, miyendo 6, mapiko 4, zonse pachifuwa. Anachitembenuza uku ndi uku nthawi yaitali, ine mtima uli phaphapha, kenako akuti "azakhali mwakhoza, koma masowa achepa, atombolombo maso awo amachita kukumana pamwamba pamutu." Nde pano ndikusaka mabatani awiri aakulu agirini, a jasi yakale ngati alipo amene ali nawo.